Kusunga tiziwalo ta m'khosi m'chisanu: kodi kumapulumutsa angati?

Opaleshoni ya chithokomiro ikatha bwino, achibale mitima imakhala pansi. Chotupa cha pakhosi chija chachoka, bala lasokedwa, wodwala wadzuka ndipo mawu akutuluka bwinobwino. Koma namwino wodziwa ntchito yake safulumira kusangalala. Tsiku loyamba ndi lachiwiri amabwerabwera pabedi n'kumafunsa funso looneka ngati lopanda pake: "Mayi, milomo ikuchita dzanzi? Nanga nsonga za zala?"

Wodwala akavomera, ndiye kuti mchere wa kashiamu wayamba kutsika m'magazi. Akapanda kuthandizidwa msanga, zala zimakokana n'kuuma, minofu ya m'miyendo imagwira, ena amakomoka n'kumaphupha ngati akhunyu, ndipo zikafika poipa kholingo limatsekeka kapena mtima umayamba kugunda mosokonekera. Gwero la zonsezi si chithokomiro chimene chachotsedwa chija, koma tiziwalo tinayi tobisika kuseri kwake, totchedwa parathyroid, timene tavulala, taduka mitsempha ya magazi, kapena tapita limodzi ndi chotupacho.

Kwa odwala ambiri vutoli limatha pakapita masabata kapena miyezi. Kwa ochepa silitha mpaka imfa. Pofuna kuteteza ochepawo, madokotala a ku America anapeza njira yodabwitsa m'zaka za m'ma 1970: kutenga tizidutswa ta tiziwalo ta wodwalayo, kutiumitsa m'chisanu choopsa, n'kudzatibwezera m'thupi mwake tsiku limene adzatifune. Papita zaka pafupifupi 50, ndipo tsopano zipatala zili ndi ziwerengero zokwanira kuyankha funso lakuti njirayi yathandiza anthu angati.

Tating'ono koma moyo uli pomwepo

Kachiwalo kamodzi ka parathyroid n'kofanana ndi njere ya mpunga, ndipo kamalemera mamiligalamu 30 mpaka 50 okha. Mtundu wake ndi wachikasu chodera, moti n'kovuta kukasiyanitsa ndi mafuta a m'khosi. Anthu ambiri ali nato tinayi, tiwiri mbali iyi, tiwiri mbali inayo, koma ena ali ndi kachisanu, ndipo nthawi zina kamodzi kamasochera mwana akadali m'mimba n'kukakhazikika m'chifuwa.

Ntchito yake ndi imodzi: kuyang'anira kuchuluka kwa kashiamu m'magazi. Pafupifupi kashiamu yense wa m'thupi, magawo 99 pa 100 alionse, ali m'mafupa ndi m'mano. Wotsala pang'onoyo ndi amene amayendetsa mitsempha, minofu ndi mtima. Akangotsika, tiziwaloti timatulutsa homoni yotchedwa PTH, imene imachita zinthu zitatu. Imauza mafupa kuti atulutseko kashiamu, imauza impso kuti zisamutaye mu mkodzo, komanso imachititsa impsozo kusandutsa vitamini D kukhala wamphamvu kuti matumbo athe kuyamwa kashiamu wa m'zakudya. Homoniyi sikhalitsa m'magazi, theka lake limatha pa mphindi zochepa chabe. N'chifukwa chake tiziwaloti tikasiya ntchito, thupi limadziwa pasanathe masiku awiri.

Munthu amene alibiretu parathyroid amakhalira mapiritsi a kashiamu kangapo patsiku, pamodzi ndi vitamini D wapadera monga calcitriol kapena alfacalcidol, chifukwa vitamini D wamba sagwira bwino ntchito popanda PTH. Mapiritsiwo amasunga moyo, koma sangafanane ndi kachiwalo kamene kamayeza magazi usana ndi usiku. Akachepa, dzanzi ndi kukokana zimabwerera. Akachuluka, kashiamu amadzaza mu mkodzo n'kupanga timiyala kapena kuwononga impso. Pakapita zaka ena amachita ng'ala, ena amadandaula kutopa ndi kuiwalaiwala. Mwa anthu anayi alionse odwala nthendayi, atatu anaitenga chifukwa cha opaleshoni ya pakhosi.

Kuchokera pa chipembere cha ku London

Mbiri ya tiziwaloti inayambira pa nyama. Mu 1849 chipembere chochokera ku India chinafa kumalo osungira nyama ku London, ndipo katswiri wa matupi a nyama Richard Owen atachitumbula, anaona kanthu kakang'ono kachikasu katamatirira ku chithokomiro chake. Anakalemba m'lipoti lake, koma palibe amene anakalabadira. Mu 1880 Ivar Sandström, yemwe ankaphunzira za udokotala ku Uppsala m'dziko la Sweden, anafotokoza tiziwalo tomweti mwa agalu, akalulu, ng'ombe ndi anthu, ndipo ndiye anatipatsa dzina. Nayenso sanamveke kutali.

Panthawiyo n'kuti madokotala a ku Ulaya atayamba kale kuchotsa zotupa za chithokomiro, ndipo panali chinthu china chimene sankachimvetsa. Odwala a Theodor Billroth wa ku Vienna ankakokana minofu kawirikawiri, ena mpaka kufa, pamene odwala a Theodor Kocher wa ku Bern sankakokana kwenikweni. William Halsted wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, amene anaonerapo onse awiri akugwira ntchito, anadzafotokoza kusiyanaku. Kocher ankang'amba modekha, osalola magazi kudzaza pabala, n'kumasenda chithokomiro motsatira kachikopa kake, moti tiziwalo tija tinkatsala pamalo pake ngakhale iye sankatidziwa ntchito. Billroth ankagwira ntchito mothamanga, ndipo tiziwaloto tinkapitira limodzi ndi chotupa. Kocher analandira mphoto ya Nobel mu 1909 chifukwa cha ntchito yake pa chithokomiro.

Mu 1891 Eugène Gley wa ku France anaonetsa kuti nyama yochotsedwa parathyroid pamodzi ndi chithokomiro imakokana n'kufa. Mu 1909 William MacCallum ndi Carl Voegtlin anapeza kuti kuibaya kashiamu kumaletsa kukokanako, ndipo chaka chomwecho Halsted anafalitsa zimene anapeza atasamutsa tiziwalo ta agalu n'kutibzala pamalo ena m'matupi a agalu omwewo. Mu 1926 Frank Lahey wa ku Boston anachita zomwezi pa munthu: kachiwalo kamene kachoka mwangozi pa opaleshoni, anakaika mumnofu wa m'mbali mwa khosi nthawi yomweyo.

Kuumitsa kunabwera pambuyo pake, ndipo kunachokera kwa akatswiri a ziweto. Mu 1949 Christopher Polge, Audrey Smith ndi Alan Parkes a ku London anapeza kuti umuna wa tambala wothiridwa glycerol umatha kuumitsidwa n'kudzatsitsimuka. Mu 1959 James Lovelock ndi Marcus Bishop anaonetsa kuti mankhwala ena otchedwa DMSO amateteza maselo mofananamo. Samuel Wells ndi anzake ndiwo anatengera luso limeneli ku parathyroid. Anayamba ndi nyama mu 1974, ndipo mu 1977, ali pa yunivesite ya Duke ku North Carolina, analengeza kuti tizidutswa toumitsidwa tagwira ntchito mwa munthu.

Bwanji osangobzala nthawi yomweyo?

Funsoli ndi lomveka, ndipo pa opaleshoni wamba ya chithokomiro yankho ndi lakuti amabzala nthawi yomweyo. Kachiwalo kabwinobwino kakaduka mitsempha, dokotala amakadula tizidutswa n'kutilowetsa mumnofu wa m'khosi asanasoke bala. Palibe chifukwa chodikirira.

Kuumitsa kumafunika kwa odwala ena, amene tiziwalo tawo tomweto ndi timene tikudwala. Ambiri mwa iwo ndi a nthenda ya impso amene akhala zaka akusefedwa magazi pa makina a dialysis. Impso zikafooka, kashiamu amatsika, mchere wa phosphate umakwera, ndipo tiziwalo tonse tinayi timakula n'kumatulutsa PTH mosalekeza. Mafupa amafumbwa n'kumathyoka wamba, thupi limayabwa, mitsempha ya magazi imauma. Ena ndi a nthenda yakumtundu yotchedwa MEN1, imene imakulitsanso tiziwalo tonse. Enanso ndi amene anachitidwapo kale opaleshoni ya pakhosi kamodzi kapena kawiri, ndipo dokotala sakudziwa kuti mkatimo mwatsala tingati.

Apa dokotala amakhala pamphambano. Akachotsa tochepa, nthenda ibwerera ndipo adzang'ambanso khosi lodzaza zipsera, mmene mtsempha wa mawu ungaduke mosavuta. Akachotsa tambiri, wodwala atsala wopanda PTH moyo wake wonse. Ambiri amachotsa titatu ndi theka n'kusiya theka, koma palibe angalumbire kuti thekalo lipulumuka. Akati abzale tizidutswa pomwepo, mwina m'chifuwa mwabisala kachisanu kamene kakugwirabe ntchito, ndiye kuti waonjezera nyama yodwala m'thupi lomwe silikuifuna.

Palinso china chimene chimasokoneza. Mafupa amene akhala akukamidwa kashiamu kwa zaka amayamba kumumwa mwaumbombo opaleshoni ikangotha, moti magazi amatsala opanda kanthu ngakhale kachiwalo kotsala kali moyo. Madokotala amati mafupawo ali ndi njala. Choncho kutsika kwa kashiamu m'masabata oyamba sikutsimikizira chilichonse, ndipo pamafunika miyezi 6, ena amati chaka chathunthu, kuti anene kuti vutoli ndi lamuyaya. Kuumitsa kumapatsa dokotala mpata wodikira kaye kuti thupi lenilenilo liyankhe.

Ulendo wopita kuchisanu

Ntchito imayambira m'chipinda cha opaleshoni momwemo. Dokotala amasankha kachiwalo kamene kakuoneka kabwinoko, n'kutumiza kachidutswa ku labotale kuti akatsimikize kuti ndi parathyroid ndithu, osati mafuta, mwanabere kapena khansa. Nyama yokayikitsa kuti ili ndi khansa siisungidwa n'komwe. Yotsalayo amaiika m'madzi amchere ozizira n'kuiduladula tizidutswa ta milimita imodzi kapena mamilimita awiri.

Kuchepa kwa tizidutswaku n'kofunika. Kachidutswa kobzalidwa sikasokereredwa ku mtsempha uliwonse. Masiku oyamba kamangoyamwa chakudya ndi mpweya kuchokera ku mnofu wokazungulira, kufikira timitsempha tatsopano titamerera mkati mwake. Kakakhala kakakulu, pakati pake pamafa njala magazi asanafike.

Ku labotale tizidutswato timaikidwa m'timabotolo ta pulasitiki, m'madzi odyetsera maselo osakaniza ndi madzi a m'magazi a wodwalayo kapena puloteni ya albumin, kenaka DMSO wokwana gawo limodzi pa magawo 10. Mdani wamkulu apa ndi madzi a m'maselo momwemo. Akauma mofulumira, amapanga timinga ta ayezi timene timaboola selo kuchokera mkati. Akauma mochedwa kwambiri, selo limatha madzi n'kufota, ndipo mchere wotsalamo umaliwotcha. DMSO amalowa m'selo n'kuchepetsa zoopsa ziwirizi, ndipo makina amatsitsa kutentha pang'onopang'ono, digiri imodzi pa mphindi, mpaka kufika madigiri 80 pansi pa ziro. Akatero timabotolo timasamutsidwira m'thanki ya nayitirojeni wamadzi, amene amazizira madigiri 196 pansi pa ziro. Alimi a ng'ombe zamkaka a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu chisanu chimenechi amachidziwa, pakuti ndi chomwe chimasunga umuna wa nkhunzi umene alangizi a ziweto amabereketsera ng'ombe zawo.

Tsiku lobwezera likafika, amasungunula timabotolo mwachangu m'madzi ofunda madigiri 37, n'kutsuka tizidutswa kangapo chifukwa DMSO amasanduka poizoni kwa maselo akafunda. Wodwala sagonekedwa tulo. Amangomubaya mankhwala ochititsa dzanzi pamkono umene sagwiritsa ntchito kwambiri, kumunsi kwa chigongono, n'kutsegula timatumba mumnofu. M'timatumbamo amaikamo tizidutswa 10 mpaka 20, n'kusiya ulusi wosasungunuka kapena tizitsulo tosonyeza malowo.

Mkono anausankha Wells pa zifukwa ziwiri zanzeru. Choyamba, dokotala angathe kutenga magazi m'mikono yonse iwiri, ndipo akapeza PTH wambiri kumkono wobzalidwawo, amadziwa kuti tizidutswa tagwira. Chachiwiri, tikadzakula mopyola muyezo n'kubweretsanso nthenda, angathe kuchotsako tina mosavuta popanda kukhudzanso khosi. Zotsatira sizioneka msanga: pamapita masabata angapo, nthawi zina miyezi, wodwala akumwabe mapiritsi amene amachepetsedwa pang'onopang'ono.

Zimene ziwerengero zanena

Tizidutswa tobzalidwa nthawi yomweyo timagwira mwa odwala ambiri, ndipo malipoti ochuluka amaika chiwerengerocho pamwamba pa 80 pa 100 alionse. Toumitsidwa sitifika pamenepo.

Mu 2005 madokotala a ku Washington University mumzinda wa St. Louis anafalitsa zimene anaona pa zaka 13. Odwala osakwana theka ndi amene anachira kotheratu n'kusiya mapiritsi, ena anathandizika pang'ono, ndipo panalibe kachidutswa kosungidwa kupitirira miyezi 22 kamene kanagwira ntchito. Mu 2008 a chipatala cha MD Anderson ku Houston anasungunula timabotolo takale kuti aone ngati maselo ali moyo. Mwa tosungidwa kosapitirira zaka ziwiri, pafupifupi 7 pa 10 tinali tamoyo, koma mwa topitirira zaka ziwiri, kamodzi kokha pa 100.

Kafukufuku wa zipatala zingapo za ku France, wofalitsidwa mu 2010, anaulula mbali ina ya nkhaniyi. Mwa zosungidwa 1,376, zokwana 22 zokha ndi zimene zinabwezeredwa m'matupi, ndipo mwa zimenezo 8 pa 10 sizinagwire ntchito. Ku yunivesite ya Wisconsin, lipoti la 2013 linati mwa odwala 442 amene anawasungira tizidutswa, anayi okha ndi amene anadzatifuna, ndipo mmodzi yekha ndi amene anachira nato.

Ziwerengerozi zikunena zinthu ziwiri. Choyamba n'chosangalatsa: odwala ambiri sadzafuna n'komwe zimene anawasungira, chifukwa kachiwalo kotsala m'khosi kamatsitsimuka. Chachiwiri n'chowawa: amene amazifunadi, kawirikawiri zimawakhumudwitsa. Ndipo nthawi imakoka mbali ziwiri. Dokotala ayenera kudikira miyezi kuti atsimikize kuti wodwala akufunikadi kubzalidwa, koma zaka ziwiri zikakwana, mwayi umakhala utachepa kwambiri.

Kumbali ina kuli mtengo. Thanki imafuna kuthiridwa nayitirojeni mosadumphitsa, imafuna belu lochenjeza likayamba kufunda, ndiponso munthu wolidzukira usiku. Magazi a wodwala aliyense ayenera kuyezedwa HIV ndi matenda a chiwindi kuti timabotolo tisapatsirane tizilombo, ndipo kalembera sayenera kuphonya ngakhale kamodzi, pakuti nyama ya munthu wina thupi limaikana. Pa zifukwa zimenezi zipatala zambiri za m'maiko olemera zinasiya kuumitsira wodwala aliyense. Zimasungira okhawo amene ali pangozi yeniyeni, monga obwereza opaleshoni ndi ochotsedwa tiziwalo tonse. Kwa munthu wotereyu, ngakhale mwayi utachepa bwanji, kabotoloko ndi kokhako kamene kangamuchotse pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo kumumana popanda kumufotokozera si chilungamo.

Njira zina zimene zabwera

Pamene ena ankalimbana ndi chisanu, ena anaika nzeru pa kupewa ngoziyo. Popeza PTH sakhalitsa m'magazi, dokotala angathe kumuyeza opaleshoni ili mkati n'kudziwa pa mphindi zochepa ngati wachotsa zokwanira. Njirayi anaitchukitsa George Irvin wa ku Miami m'zaka za m'ma 1990. Kenaka akatswiri a pa yunivesite ya Vanderbilt anapeza kuti parathyroid imawala yokha ikaunikidwa ndi kuwala kwina kosaoneka ndi maso, ndipo mu 2018 boma la America linavomereza zipangizo zothandiza dokotala kuona tiziwaloti asanatidule.

Homoni yochita kupanga iliponso. Mankhwala obaya otchedwa Natpara anavomerezedwa ku America mu 2015, koma anachotsedwa pamsika wakumeneko mu 2019 chifukwa cha tizidutswa ta labala topezeka m'mankhwalawo, ndipo kampani ya Takeda inalengeza kuti isiya kuwapanga kumapeto kwa 2024. Ena otchedwa Yorvipath anavomerezedwa ku Ulaya mu 2023 ndi ku America mu 2024. Amabayidwa tsiku lililonse, ndipo mtengo wake ndi woti wodwala wamba wa kuno sangaufike.

Phunziro la kwathu kuno

Kutupa kwa chithokomiro si nthenda yachilendo ku Malawi. Kusowa kwa ayodini m'zakudya kunkatupitsa makosi a anthu ambiri, makamaka amayi a m'madera amapiri, n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 dziko lino linakhazikitsa lamulo loti mchere wogulitsa uzikhala wothira ayodini. Komabe zotupa zakale ndi zamitundu ina zikadalipo, ndipo zimachotsedwa m'zipatala zathu. Odwala impso amene amasefedwa magazi ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre nawonso ali m'gulu limene parathyroid yawo ingakule zaka zikamapita.

Wina angaganize kuti chipatala chopanda thanki ya nayitirojeni ndiye kuti chatsalira kutali. Mbiri ya zaka 50 yaonetsa kuti sichoncho. Chimene chinapulumutsa odwala a Kocher sichinali chipangizo, koma manja odekha ndi maso atcheru. Chimene Lahey anachita mu 1926 chimangofuna mpeni, madzi amchere ozizira ndi mphindi zochepa, ndipo chimagwira kuposa kuumitsa. Dokotala amene amafunafuna tiziwaloti mwadala, kusamala timitsempha take, kuyang'anitsitsa chotupa chimene wachotsa asanachitumize ku labotale, n'kubzala pomwepo kachiwalo kalikonse kopezeka pamenepo, wateteza anthu ambiri kuposa nkhokwe ya timabotolo. Ndalama zikakhala zochepa, ziyambe zapita ku maphunziro a madokotala a opaleshoni, ku mankhwala oyezera kashiamu m'malabotale, ku kashiamu wobaya m'mawodi, ndi ku calcitriol m'mafamase, kuphatikizapo a zipatala za m'maboma kumene odwala amabwerera akatulutsidwa.

Inunso amene mukuyembekezera opaleshoni ya pakhosi, kapena mukudwazika m'bale wanu, muli ndi mbali yanu. Funsani adokotala ngati achotsa chithokomiro chonse kapena mbali imodzi, chifukwa ngozi yaikulu ili pa kuchotsa chonse. Funsani zimene adzachite kachiwalo ka parathyroid kakavulala, ndiponso tsiku limene adzayeze kashiamu. Pepala lotulukira m'chipatala lisungeni, ndipo muzilionetsa kulikonse kumene mukalandire chithandizo, makamaka mukakhala oyembekezera kapena oyamwitsa. Mapiritsi a kashiamu musasiye panokha chifukwa choti mukupeza bwino. Ndipo milomo kapena zala zikayamba dzanzi, minofu ikayamba kukokana, kapena mpweya ukayamba kubanika, musadikire kuti kuche: thamangirani kuchipatala ndipo mukanene poyambirira penipeni kuti munachitidwa opaleshoni ya pakhosi.